Sisteri yemwe anatenga udokotala wa makompyuta ali ndi zaka 51

Anzanga, ambiri mumandidziwa ndi dzina loti Agogo. Sindikwiya nalo ayi, chifukwa n'zoona kuti m'Fomu 3 muno wamkulu ndine. Ndinakhala kunyumba zaka ziwiri chifukwa cha fizi, ndipo nditabwerera, anzanga akale anali atalemba kale MSCE. Teremu yathayi ndinatsala pang'ono kusiyiratu. Ndiye lero ndikufuna ndikuuzeni za mayi wina amene mbiri yake inandibweza m'kalasi.

Dzina lawo ndi Mary Kenneth Keller. Anabadwa pa 17 Disembala 1913 mumzinda wa Cleveland ku America. Mu 1932, ali ndi zaka 18, analowa chipani cha masisteri a Chikatolika, ndipo analumbira malumbiro omaliza mu 1940. Ntchito yawo inali ya uphunzitsi, choncho sukulu yawo ankaiyendetsa pang'onopang'ono, uku akuphunzitsa ana. Digiri yoyamba, ya masamu, anaitenga mu 1943 ku yunivesite ya DePaul mumzinda wa Chicago. Apo anali ndi zaka 29. Yachiwiri, ya masitazi, inabwera patadutsa zaka pafupifupi khumi. Mwaona kuchedwa kwake? Wina akanati basi, zakwana.

Iwo anafuna digiri yomaliza, ija timati PhD, ya udokotala. Apa ndiime kaye, poti inenso ndinkaganiza kuti dokotala ndi wa jakisoni yekha. Udokotala wa maphunziro ndi wina, ndipo sautenga pongokhoza mayeso ngati MSCE.

Ku America zimayenda chonchi. Uyenera kukhala ndi digiri kale. Akakutenga, umayamba ndi makalasi ovuta, kenako umalemba mayeso oti aone ngati phunzirolo walidziwa mokwanira. Ukadutsa pamenepo umapeza pulofesa wokuyang'anira, n'kusankha funso limene palibe munthu analiyankhapo. Ndiye umafufuza, kawirikawiri kwa zaka zingapo, mpaka utapeza chinthu chatsopano. Zimene wapezazo umazilemba m'buku lalikulu. Pomaliza umaima pamaso pa gulu la mapulofesa, iwo n'kumakupanikiza ndi mafunso, iwe n'kumateteza ntchito yako. Kuloweza notsi sikungakuthandize pamenepo, chifukwa yankho lake mulibe m'buku lililonse. Ndiwe ukulibweretsa.

Sisteri Keller anadutsa njira imeneyi ku yunivesite ya Wisconsin mumzinda wa Madison, ndipo wowayang'anira anali pulofesa Preston Hammer. Masiku amenewo kompyuta inali chimakina chodzaza chipinda, ndipo malangizo ankaipatsa pa makadi oboolaboola. Kulakwitsa chilembo chimodzi, ndiye kuti ukaboolenso khadi lina n'kudikira nthawi yako. Kafukufuku wawo anali wofuna kuona ngati kompyuta ingayang'ane zitsanzo za masamu n'kutulukira lamulo lake, monga momwe ife timachitira aphunzitsi akatipatsa masamu angapo ofanana. Mapulogalamu ake anawalemba m'chilankhulo cha makompyuta chotchedwa FORTRAN.

Pa 7 Juni 1965 analandira PhD ya sayansi ya makompyuta. Tsiku lomwelo bambo wina, Irving Tang, analandiranso digiri yake ya udokotala ku yunivesite ina mumzinda wa St. Louis. Awiriwa amawerengedwa kuti ndiwo oyamba ku America kutenga udokotala m'phunziro limeneli, ndipo mwa amayi woyamba ndi Sisteri Keller. Anali ndi zaka 51. Tangoganizani, msinkhu wa azakhali anga akulu!

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi zomwe anachita ndi digiriyo. Anapita ku Clarke, koleji ya atsikana ya masisteri awo mumzinda wa Dubuque, n'kuyambitsa dipatimenti ya sayansi ya makompyuta. Anaitsogolera zaka pafupifupi 20. Amayi amene anali ndi makanda ankawalimbikitsa kuti azibwera nawo m'kalasi, kuti mwana asakhale chifukwa chosiyira sukulu. Nditawerenga zimenezi ndinakumbukira anzathu aja amene mayina awo anachoka m'kaundula atabereka, pano akuchita manyazi kubwerera.

Sisteri Keller anamwalira pa 10 Januwale 1985 ali ndi zaka 71. Kolejiyo inatcha malo ake a makompyuta dzina lawo.

Sindikunena kuti tonse pano tidzakhala madokotala. Enafe kompyuta sitinaigwirepo, timangoiona pa chithunzi. Koma iwonso anayamba ndi masamu a pa bolodi, omwewa timathawa masana dzuwa likatentha. Ndawerengera: ndikalemba MSCE ndidzakhala ndi zaka 21. Kuti ndifike pa 51 patsala zaka 30 zathunthu. Ndiye manyazi ndichite chifukwa chani?

Pitirizani kundiitana Agogo, palibe vuto. Koma ngati kwanu kuli wina amene anasiya sukulu ndipo akuti wakula, mukamuuze za sisteriyu. Akafuna kubwera, pa desiki yanga malo alipo, tidzathithikana.