James Chuma, Kapolo Woomboledwa

Aisrayeli akale sanaiwale konse kuti makolo ao anali akapolo ku Aigupto. Caka ndi caka anali kudya Paskha, nauza ana ao kuti Mulungu ndiye anawaombola. Malamulo aonso anati acitire cifundo mlendo ndi kapolo, popeza iwo eni analawa ukapolo. Woomboledwa saiwala womuombola, ndipo moyo wa Chuma uonetsa cimeneci.

Chuma anali Myao. Akali mwana anagwidwa ukapolo, koma m'caka ca 1861 Dotolo Livingstone ndi Bishopu Mackenzie anammasula m'mapiri a ku Shire, nakakhala ku Magomero. Pambuyo pace Livingstone anamuka naye ku Bombay, kumene anaphunzira, nabatizidwa James.

Mu 1866 anatsagana ndi Livingstone pa ulendo wace wotsiriza, naoloka Luangwa wathu yemweyu mwezi wa December. Njala inakula, amtengatenga ambiri anathawa, koma Chuma sanabwerere.

Livingstone atamwalira kwa Chitambo mu 1873, Chuma ndi mnzace Susi anakwirira mtima wace patsinde pa mtengo, naumitsa thupi ndi mcere padzuwa. Popeza anthu a m'njira anaopa mtembo, anaukulunga ngati mtolo wa nsaru. Anayenda nao miyezi isanu ndi inai, nafika ku Bagamoyo mu February 1874, ndipo cotero mtembowo unakaikidwa kwao ku England.

Chuma anamwalira ku Zanzibar mu 1882. Palibe anamkakamiza kusenza katundu wowawa uja. Anamsenza ali mfulu, pokumbukira amene anamcotsa m'goli.