George Stephenson, Sing'anga wa Makina

Kodi mudapitako kuchigayo tsiku limene injini yake yafa? M'midzi ya m'mapiri a ku Dowa ndi ku Ntchisi amayi amalawira m'mamawa atasenza mphale, natsika zitunda ndi kuwoloka mitsinje kuti akagayitse. Akapeza kuti chigayo chili zii, amatula katundu pansi ndi kukhala pamthunzi. Kenaka pamafika makaniko ndi bokosi lake la masipanala. Amamasula ichi, napukuta icho, manja ali bii ndi mafuta. Potsiriza amapukusa chitsulo cholizira, ndipo injini imatsokomola kawiri katatu ndi kuyamba kulira. Amayi amasangalala pakuti ana adya nsima. Koma mukayang'anitsitsa nkhope ya makaniko uja mudzaona kuti iye wakondwa koposa onse, ngakhale asanalandire ndi tambala yomwe.

Lero tiwerenga za munthu wina amene adadziwa chimwemwe chotere moyo wake wonse. Dzina lake ndi George Stephenson, ndipo anthu ambiri amamutcha tate wa sitima za pamtunda.

George adabadwa pa 9 Juni, 1781, m'mudzi wa Wylam pafupi ndi mzinda wa Newcastle, kumpoto kwa dziko la England. Dera limenelo ndi la migodi ya malasha. Bambo ake, a Robert Stephenson, adali osonkha moto pa injini yopopa madzi mumgodi. Malipiro awo adali ochepa, ndipo banja lonse linkakhala m'chipinda chimodzi. Iwo ndi akazi awo, mayi Mabel, sadali odziwa kuwerenga, ndipo ndalama zotumizira ana kusukulu padalibe. Pakhomo pa nyumba yawo pankadutsa njanji yamatabwa imene akavalo ankakokapo ngolo za malasha.

Ali mwana, George ankaweta ng'ombe za mayi wina wamasiye. Monga momwe abusa a kuno kwathu amaumbira ng'ombe zadothi kudambo, iyenso ankaumba. Koma iye ankaumba timainjini, natenga timapesi tamphako kukhala mipope yake. Atakwanitsa zaka 14 adayamba kuthandiza bambo ake kusonkha moto, ndipo ali ndi zaka 17 adapatsidwa injini yakeyake yoti aziyang'anira pa mgodi wa Water Row.

Injini za masiku amenewo sizinkayendera dizilo ngati chigayo ayi. Zinkayendera nthunzi. Mudaonapo momwe chivundikiro chimanjanjira pa mphika wa nyemba ukamawira? Imeneyo ndiyo mphamvu ya nthunzi. Amisiri ankawiritsa madzi m'chithanki chachikulu chachitsulo, ndipo nthunzi yake inkalowa m'chimphika chachitali chonga mtondo. M'kati mwake mudali chitsulo china chonga munsi, chimene chinkakwera ndi kutsika. Kukwera ndi kutsika kumeneku ndiko kunkapopa madzi kapena kuzunguza magudumu.

Ntchito ya George idali yongoonetsetsa kuti injini ikuyenda, ndipo ikavuta kwambiri ankayenera kuitana mmisiri wamkulu. Koma iye sadakhutire ndi zimenezo. Loweruka ntchito ikatha, anzake akamapita kukamwa ndi kukasewera, iye ankatsala. Ankamasula injini ija, natsuka chitsulo chilichonse, nachitembenuza uku ndi uku kufuna kudziwa ntchito yake, kenaka ndi kubwezera zonse m'malo mwake. Palibe amene ankamutuma, ndipo palibe ankamulipira. Paja akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Posakhalitsa George ankatha kudziwa matenda a injini pongomva kaliridwe kake.

Chinthu chimodzi chinkamupweteka mtima. Adamva kuti nzeru za amisiri otchuka a makina zidalembedwa m'mabuku, koma iye sankadziwa ngakhale chilembo chimodzi. Motero ali ndi zaka 18, mnyamata wandevu kale, adayamba sukulu yausiku, nalipira yekha kuchokera pa malipiro ake. Adaphunzira kuwerenga, kulemba ndi masamu. Masamu ndiwo adawakonda kwambiri, ndipo ankawerengera pa sileti ali pambali pa injini yake.

M'chaka cha 1802 adakwatira Frances Henderson, ndipo chaka chotsatira adabereka mwana wamwamuna, namutcha Robert. Pofuna kuonjezera ndalama za pakhomo, George ankasoka nsapato ndi kukonza mawotchi a anthu madzulo. Koma mavuto adamugwera motsatana. Mwana wawo wachiwiri adamwalira ali wakhanda, ndipo mu 1806 Frances nayenso adamwalira ndi chifuwa chachikulu. George adapita kukagwira ntchito ku Scotland, koma pobwerako adapeza bambo ake atachita khungu chifukwa cha nthunzi imene idawawomba kumaso pantchito. Iye adabweza ngongole zawo, nawasamalira kufikira imfa yawo.

Mwayi wake udafika mu 1811, ali pa migodi ya Killingworth. Eni migodi adakumba dzenje latsopano lotchedwa High Pit, koma madzi adadzazamo. Adaikapo injini yaikulu yopopa, koma madzi sadaphwe. Miyezi idapita. Amisiri odziwika adabwera, nayesa, nalephera. Anthu sankatha kulowa pansi kukakumba malasha, ndipo kumene kulibe ntchito kulibenso chakudya. George ankapita kukaima pafupi ndi injini ija, naiyang'ana mwakachetechete, mpaka adaona pamene padali vuto. Adauza mnzake kuti akhoza kuichiritsa sabata isanathe.

Mawu amenewa adafika kwa mkulu woyang'anira mgodi, a Ralph Dodds. Popeza njira zina zonse zidali zitakanika, iwo adalola kuti ayese. George adapempha chinthu chimodzi, kuti asankhe yekha anthu omuthandiza, pakuti adadziwa kuti amisiri akale sangakondwere kulamulidwa ndi munthu wosaphunzira. Adaphwasula injini yonse. Adakulitsa njira yolowera madzi ozizira, nasintha zina ndi zina, naonjezera mphamvu ya nthunzi. Atailumikizanso adayatsa moto. Poyamba injini idagwedezeka koopsa kotero kuti anthu adachita mantha, koma kenaka idakhazikika ndi kuyamba kupopa. Madzi adatsika, natsikabe, ndipo patapita masiku owerengeka anthu adaponda pansi pa dzenje.

Mphatso imene adalandira idali mapaundi 10 okha, ndalama yochepa poyerekeza ndi phindu limene eni mgodi adapeza. Komabe kuyambira pamenepo mbiri yake idawanda kuti ku Killingworth kuli sing'anga wa makina. Mu 1812 adamuika kukhala mmisiri wamkulu wa makina onse a pamigodipo, ndipo malipiro ake adafika mapaundi 100 pachaka.

Ndalamazo adatumizira Robert kusukulu yabwino ku Newcastle. Mwanayo ankapita atakwera bulu, ndipo madzulo akabwerako ankakhala pansi ndi bambo ake kubwereza zimene waphunzira. Choncho sukulu imodzi inkaphunzitsa anthu awiri. Awiriwa adapanga limodzi wotchi yoyendera mthunzi wa dzuwa, naikhoma pamwamba pa chitseko cha nyumba yawo.

Tsopano George adayamba kuganiza za akavalo aja okoka ngolo za malasha. Kodi nthunzi singagwire ntchito yawo? Tisanamizane, iye sadali woyamba kuganiza zimenezi. Mmisiri wina, Richard Trevithick, adayendetsa injini ya nthunzi panjanji mu 1804, koma idali yolemera ndipo inkathyola njanji. Luso la George lidali kusatopa pokonza chinthu mpaka chitagwira ntchito tsiku ndi tsiku. Mu 1814 adapanga injini yake yoyamba, yotchedwa Blücher. Idakoka ngolo 8 zolemera matani 30 pa liwiro la makilomita 6 pa ola. Munthu woyenda ndawala akadatha kuyenda nayo limodzi. George sadakhutire nayo, ndipo adapanga ina, kenaka inanso, iliyonse yoposa inzake.

Pa nthawi yomweyo adapanganso nyali. M'migodi ya malasha mumatuluka mpweya woipa umene umaphulika ukakumana ndi lawi la moto, ndipo anthu ambiri ankafa nawo. Mu 1815 George adapanga nyali imene lawi lake silinkayatsa mpweyawo, ndipo adalowa nayo yekha mumgodi kukaiyesa pamalo oopsa. Katswiri wina wa sayansi wa ku London, Sir Humphry Davy, adapanganso nyali yotere chaka chomwecho. Anthu ophunzira sadakhulupirire kuti munthu wa kumigodi angatulukire chinthu chotere payekha, ndipo ena adamunamizira kuti adaba nzeru za Davy. Zimenezi zidamuwawa kwambiri. Koma anthu a m'migodi ya kwawo adagwiritsa ntchito nyali yake kwa zaka zambiri.

Pa 27 Sepitembala, 1825, idatsegulidwa njanji ya pakati pa Stockton ndi Darlington, imene George adamanga. Iye mwini ndiye adayendetsa injini yotchedwa Locomotion, itakoka ngolo za malasha, za ufa ndi za anthu mazanamazana. Patsogolo pake pankayenda munthu wokwera kavalo atanyamula mbendera.

Chaka chomwecho adachitanso manyazi aakulu. Amalonda a ku Liverpool ndi Manchester ankafuna njanji yolumikiza mizinda yawo, ndipo George adaitanidwa ku Nyumba ya Malamulo kuti akafotokoze. Pamaso pa makina adali katswiri, koma pamaso pa anthu odziwa malamulo lilime lake lidalemera. Adamuseka chifukwa cha kalankhulidwe ka kwawo, ndipo adapeza kuti miyeso ina ya anthu ake idali yolakwika. Pempho lidakanidwa. Chaka chotsatira lidaloledwa, ndipo eni njanji adabwereranso kwa George kuti aimange.

Iye ankalimbikira kuti njanji ikhale yosakwera kwambiri. Mwana wa ku Ntchisi akhoza kukwera phiri molunjika, koma sitima singatero, pakuti magudumu achitsulo amaterereka pa njanji yachitsulo. Ndi chifukwa chake amisiri amadula zitunda, kukwirira zigwa ndi kumanga milatho. Panjira ya ku Manchester padali chidambo chachikulu cha matope chotchedwa Chat Moss, chimene chinkameza chilichonse choponyedwamo. Ambiri adati sichingawolokeke. George adayala nthambi zolukana ndi zitsamba pamwamba pa matope, ngati mphasa yaikulu, nathira miyala, ndipo njanji idayandama pamenepo. Sitima zikudutsapo mpaka lero.

Mu Okutobala 1829 padachitika mpikisano wa mainjini pamalo otchedwa Rainhill. Injini imene idapambana idali Rocket, imene idathamanga pafupifupi makilomita 48 pa ola. Ntchito yaikulu yopanga Rocket adaigwira ndi Robert, mwana uja wokwera bulu. Taganizani momwe mtima wa bambo ake udaliri tsiku limenelo.

Njanjiyo idatsegulidwa pa 15 Sepitembala, 1830, koma chisangalalo chidasanduka chisoni. Phungu wina wa Nyumba ya Malamulo, William Huskisson, adatsika m'sitima naima panjanji, ndipo Rocket idamuponda mwendo. George adamunyamula pa injini ina, naiyendetsa yekha ndi liwiro lonse kukafuna madokotala, koma munthuyo adamwalira usiku womwewo.

Kuchokera pamenepo njanji zidafalikira m'maiko ambiri. Kuno kwathu sitima idafika ku Blantyre mu 1908 ndi ku Salima mu 1935, ikuyendera nthunzi monga za George. Mu 1979 njanji idakwera kuchokera ku Salima kufika ku Lilongwe, ndipo pa nthawiyo mainjini adali a dizilo. Njanji ya ku Malawi ndi yopapatiza pang'ono, ya mamilimita 1,067, pamene njanji zambiri za padziko lapansi zimatsata muyeso wa Stephenson wa mamilimita 1,435.

George adalemera ndipo adatchuka. Mu 1847 amisiri opanga makina adayambitsa bungwe lawo lotchedwa Institution of Mechanical Engineers, ndipo adamusankha kukhala mtsogoleri wawo woyamba, iye amene adaphunzira kulemba dzina lake ali wamkulu. Atakalamba adakakhala ku Tapton House, pafupi ndi tauni ya Chesterfield. Adali ndi chuma chokwanira kuti angokhala, koma manja ake adakana. Adayamba kulima dimba, ndipo kumeneko adapezanso chinthu chofuna kukonza. Nkhaka zake zinkabala zopindika, ndipo zimenezi zidamusowetsa mtendere. Adayesa njira zosiyanasiyana osaphula kanthu. Potsiriza adapangitsa timabotolo tatitali tagalasi, nalowetsa nkhaka iliyonse m'kati ikadali yaing'ono. Nkhaka zidakula zowongoka, ndipo nkhalambayo inkazionetsa kwa alendo ake ikuseka ngati mwana.

George Stephenson adamwalira pa 12 Ogasiti, 1848, ali ndi zaka 67. Adaikidwa m'tchalitchi cha Holy Trinity ku Chesterfield komweko.