Grace Hopper

Grace Brewster Hopper (9 Disembala 1906 – 1 Januwale 1992) adali katswiri wa masamu ndi makompyuta wa ku America, komanso msilikali wapamadzi. Amadziwika polimbikira kuti pulogalamu imodzi izitha kugwira ntchito pa makompyuta a makampani osiyanasiyana.

Ubwana ndi maphunziro

Hopper adabadwira mumzinda wa New York. Adaphunzira masamu ndi fizikisi ku Vassar College n'kumaliza mu 1928. Mu 1934 adalandira digiri ya udokotala wa masamu ku yunivesite ya Yale. Adaphunzitsa ku Vassar mpaka 1943, pamene adalowa usilikali nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati. Mu 1944 adamutumiza ku Harvard kukagwira ntchito pa kompyuta ya Mark I, pansi pa Howard Aiken.

Ntchito yake

Nthawi imeneyo kompyuta iliyonse inkamva manambala akeake. Kampani ikagula makina ena, mapulogalamu onse ankayenera kulembedwanso, zomwe zinkadya ndalama ndi nthawi. Mu 1949 Hopper adalowa kampani ya Eckert–Mauchly, yomwe inkapanga UNIVAC I. Pofika 1952 adali atapanga A-0, imodzi mwa ma compiler oyambirira. Compiler ndi pulogalamu yomasulira zomwe munthu walemba kuti makina azimve. Kenako gulu lake lidapanga FLOW-MATIC, chilankhulo chogwiritsa ntchito mawu a Chingerezi.

Mu 1959 komiti ya CODASYL idayamba kukonza chilankhulo cha COBOL, ndipo idatengera zambiri ku FLOW-MATIC. Hopper adali mlangizi wa komitiyo. Mu Disembala 1960 pulogalamu imodzi ya COBOL idayenda pa UNIVAC II ndi pa RCA 501, makina a makampani awiri osiyana, itangosinthidwa pang'ono.

Komabe vuto silidathe, chifukwa kampani iliyonse inkawonjezera zakezake mu compiler yake. Pulogalamu yoyenda bwino pa makina ena inkapereka zotsatira zina kwina. Mu 1967 asilikali apamadzi adamuitananso, ndipo gulu lake lidakonza mayeso oonera ngati compiler ikutsatira malamulo a COBOL.

Imfa ndi chikumbutso

Adapuma usilikali mu 1986 ali ndi zaka 79, ali pa udindo wa rear admiral. Adamwalira ku Arlington, m'boma la Virginia, ndipo adaikidwa m'manda a asilikali kumeneko. Mu 2016 pulezidenti Barack Obama adamulemekeza ndi mendulo ya Presidential Medal of Freedom.

Vuto lomwe Hopper ankalimbana nalo lidakalipo. Pulogalamu imodzi ikamasuliridwa pa Windows, macOS ndi Linux, mabatani, zilembo ndi mndandanda wa zosankha siziwoneka mofanana, chifukwa iliyonse imajambula zinthuzi mwa njira yake. N'chifukwa chake olemba mapulogalamu amayesa ntchito yawo paliponse pomwe idzagwiritsidwe ntchito.