Eiji Tsuburaya, Mmisiri Amene Anapatsa Moyo Chilombo cha Godzilla

Anthu ambiri amene anaonerapo filimu ya Godzilla ya m'chaka cha 1954 amakumbukira chilombo chotalika mamita 50 chikuvuuka m'nyanja n'kuyamba kuphwasula mzinda wa Tokyo. Koma ndi ochepa amene amadziwa Eiji Tsuburaya, mmisiri amene anachititsa kuti zoopsazo zioneke ngati zenizeni.

Tsuburaya anabadwa mu July 1901 m'tauni ya Sukagawa, m'chigawo cha Fukushima ku Japan. Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka zitatu, ndipo analeredwa ndi agogo ake aakazi. Ankalakalaka kudzakhala woyendetsa ndege, koma sukulu imene anakalowa inatsekedwa mphunzitsi wake atafa pangozi ya ndege. Mu 1919 anayamba ntchito yojambula mafilimu, ndipo ataonera filimu ya ku America ya King Kong ya mu 1933, anaifufuza chithunzi chimodzichimodzi kuti adziwe mmene anaipangira.

Luso lake linayamba kutchuka pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Mu 1942, akugwira ntchito ku kampani ya Toho, anamanga kachifaniziro ka doko la Pearl Harbor, ndi tisitima tankhondo ndi tindege, pokonza filimu yotamanda asilikali a Japan. Dzikolo litagonja, akuluakulu a asilikali a America amene ankalilamulira anamuchotsa ntchito mu 1948 chifukwa cha mafilimu oterewa. Anapitiriza ntchitoyo payekha kunyumba kwake mpaka pamene anabwerera ku Toho.

Pa 1 March 1954, dziko la America linaphulitsa bomba la nyukiliya pazilumba za Bikini m'nyanja ya Pacific. Phulusa lapoizoni linagwera asodzi 23 a ku Japan amene anali m'boti lotchedwa Daigo Fukuryu Maru, ndipo mmodzi mwa iwo anamwalira mu September chaka chomwecho. Mantha amenewa ndi amene Tomoyuki Tanaka, mkulu wokonza mafilimu ku Toho, ndi Ishiro Honda, wotsogolera filimuyo, anawaika m'nkhani ya chilombo chodzutsidwa ndi mabomba.

Tsuburaya ankafuna kutsata njira ya King Kong, yosuntha chidole pang'onopang'ono n'kumachijambula nthawi iliyonse chikasunthidwa. Atawerengetsa, anapeza kuti zikanatenga zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri, pamene iye anali ndi miyezi yochepa chabe. Choncho anaganiza zoveka munthu chovala chonga chilombo n'kumuyendetsa mumzinda wa tinyumba tochita kupanga, tochepa kuwirikiza ka 25 poyerekeza ndi nyumba zenizeni. Kamera inkajambula mothamanga kwambiri kuti poonetsa filimuyo, chilombocho chizioneka chikuyenda mwaphazi lolemera ndipo makoma azigwa mwapang'onopang'ono ngati a nyumba zazikulu. Nsanja zamagetsi zimene zimasungunuka ndi mpweya wamoto wa Godzilla zinali za phula, ndipo anazisungunula ndi kutentha kwa nyali.

Amene anamva kuwawa kwa nzeru zimenezi anali Haruo Nakajima, yemwe pamodzi ndi Katsumi Tezuka ankavala chovalacho. Choyamba chimene chinapangidwa chinkalemera pafupifupi makilogalamu 100. M'kati mwake munkatentha koopsa, moti wovalayo ankangopirira mphindi zochepa. Nakajima ankapita kumalo osungirako nyama a Ueno kukaona mmene njovu ndi zimbalangondo zimayendera.

Filimuyo inatuluka pa 3 November 1954, ndipo anthu oposa 9 miliyoni anaionera ku Japan. Kwa anthu amene anali ataona Tokyo akupsa ndi mabomba mu 1945, moto wa pakanemawo sunali nthano. N'zochititsa chidwi kuti manja amene anamanga Pearl Harbor potamanda nkhondo ndi omwewo amene anaonetsa zimene nkhondo imasiya.

Mu 1963 Tsuburaya anakhazikitsa kampani yakeyake, yomwe mu 1966 inatulutsa pulogalamu ya pa wailesi yakanema ya Ultraman. Sankafuna kuti magazi azionekera m'mafilimu ake poganizira ana amene ankawaonera. Anamwalira pa 25 January 1970 ku Ito, m'chigawo cha Shizuoka, ali ndi zaka 68. Mu 2019 kwawo ku Sukagawa kunatsegulidwa nyumba yosungiramo ntchito zake.