Equiano: kapolo yemwe adadzisindikizira buku

Ku Nancholi, Ndirande ngakhale ku Bangwe kuli alembi omwe nkhani zawo zikungodyedwa ndi chiswe m'makatoni podikira kuti kampani yosindikiza mabuku iwayankhe. Ambiri amaopa kudzisindikizira okha poganiza kuti anthu awaona ngati olephera. Koma mbiri ya Olaudah Equiano ikutsutsa maganizo amenewa.

Malinga ndi zomwe adalemba mwini wake, Equiano adabadwa cha m'ma 1745 pakati pa anthu a mtundu wa Igbo, m'dziko lomwe lero ndi Nigeria, ndipo adagwidwa ukapolo ali mwana. Adagulidwa ndi Michael Pascal, msilikali wapamadzi wa ku Britain, yemwe adamupatsa dzina loti Gustavus Vassa. Ali m'manja mwa mkuluyu, mnyamatayo adaphunzira kulemba ndi kuwerenga.

Pambuyo pake adagulitsidwa kwa Robert King, wamalonda wa pachilumba cha Montserrat. Kumeneko Equiano ankachita timalonda take tapambali mpaka adasonkhanitsa mapaundi 40 omwe adadziwombolera nawo mu 1766.

Atakhazikika ku London adalemba mbiri ya moyo wake pofuna kuonetsa nkhanza za malonda a akapolo. Iye sadagulitse umwini wa bukulo kwa osindikiza. M'malo mwake adapempha anthu oposa 300 kuti alembetse ndi kulipiriratu gawo la mtengo wake, ndipo maina awo, kuphatikizapo la Prince of Wales, adawaika koyambirira kwa bukulo. Mu 1789 buku la The Interesting Narrative lidatuluka, ndipo adalilembetsa m'kaundula ngati lake.

Sadakhale pansi kudikira ogula. Adayenda m'mizinda ya ku England, Ireland ndi Scotland akugulitsa bukulo ndi kuyankhula pamisonkhano. Pofika 1794 lidali litasindikizidwa kasanu ndi kanayi, komanso litamasuliridwa m'zinenero za ku Netherlands, Germany ndi Russia.

Mu 1792 nyuzipepala zina za ku London zidalemba kuti iye sadabadwire mu Africa. Poti buku lidali m'manja mwake, adaikamo yankho lake polisindikizanso popanda kupempha chilolezo kwa wina aliyense.

Equiano adamwalira pa 31 Marichi 1797, zaka khumi dziko la Britain lisadathetse malonda a akapolo mu 1807. Mwana wake Joanna adalandira mapaundi 950 pachuma chomwe bambo ake adasiya.

Kuno ku Blantyre, Aubrey Kalitera adadzera njira yomweyi m'zaka za m'ma 1980 pomwe adatulutsa mabuku ake monga Why Father Why kudzera ku kampani yake ya Power Pen Books.

Choncho mlembi wa ku Nancholi asachite manyazi. Chofunika n'chakuti nkhani ikhale yakupsa, ikonzedwe bwino, ndipo mwini wake akhale wokonzeka kuyenda nayo mpaka ifike kwa owerenga.