MALEMU PIT CORDER NDI ZOLAKWA ZA WOPHUNZIRA

Anzanga, m'kalata ino ndati ndikuuzeni za malemu Stephen Pit Corder. Ambirife sitidamvepo dzina lawo tili pasukulu, koma maganizo awo amakhudza aliyense amene adatuluka thukuta ndi Chingerezi.

Bambowa adabadwira ku York, ku England, mu 1918, ndipo adaphunzira zilankhulo ku Oxford. Nkhondo yachiwiri itabuka adakana kugwira mfuti chifukwa cha chikumbumtima, nasankha kuthandiza ovulala. Pambuyo pake adagwira ntchito ku British Council m'maiko monga Turkey ndi Colombia. Mu 1964 adapita ku yunivesite ya Edinburgh kukatsogolera maphunziro a kaphunzitsidwe ka zilankhulo.

Nthawi imeneyo aphunzitsi ambiri ankaona cholakwa ngati chizolowezi choipa chofunika kuzula msanga. Mu 1967 a Corder adalemba nkhani yotsutsa zimenezi. Mwana akanena goed m'malo mwa went, si umbuli ayi. Lamulo la nthawi yakale waligwira kale, kungoti walifikitsa pomwe silifika, ndipo mphunzitsi watcheru adziwa pamene mwanayo wafika. Adasiyanitsanso cholakwa chotere ndi kuphonya kwa lilime chifukwa cha kutopa, komwe mwini wake amakonza yekha. Ine mfundo imeneyi ndiyo imandigwira mtima, chifukwa m'makope athu inki yofiira inkagwera zonse mofanana.

Akatswiri amaiwerengera nkhaniyo m'gulu la zimene zidayambitsa phunziro la m'mene munthu amadziwira chilankhulo chachiwiri, lomwe lero lili m'mayunivesite ambiri. A Corder adamwalira mu 1990.