THOMAS CUBITT: KALIPENTALA AMENE ANAMANGIRA MFUMUKAZI

Pamene tasonkhana pa mwambo uno kulemekeza makolo athu, ndi bwino kuti tikumbutsanenso za ulemu wa nchito ya manja. Ambiri a ife amene tinakalambira m'maofesi a boma tinalakwa pophunzitsa ana athu kuti cipambano cili pa tayi ndi colembera cokha, ndipo lero anyamata ambiri acita manyazi kugwira sowo ndi nyundo. Cifukwa ca ici tasankha kufotokoza mbiri ya mmisiri wa ku Mangalande amene anakhala ndi moyo mpaka m'masiku a Mfumukazi Victoria.

A Thomas Cubitt anabadwa pa 25 February 1788 m'mudzi wa Buxton, m'cigawo ca Norfolk. Atate ao, a Jonathan Cubitt, anali kalipentala wamba, ndipo mwanayo anatengera luso la atate ake. Ali mnyamata analembedwa nchito ya ukalipentala pa combo copita ku India. Ndalama za pa ulendowo sanamwaze ai. Anazisunga, ndipo atabwerako anatsegula nazo malo ao a nchito mu mzinda wa London ca m'ma 1810.

Masiku amenewo munthu wofuna nyumba anali kupangana payekha-payekha ndi womanga njerwa, wopala matabwa, wosula zitsulo ndi wopaka utoto. Wina akacedwa, onse anali kukhala manja lende. A Cubitt anaona bvuto limeneli pamene anapatsidwa nchito yomanga London Institution mu 1815. Motero anasonkhanitsa amisiri a maluso onse pansi pa ulamuliro umodzi, nawalemba nchito yokhazikika. Makolo athu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo iyi ndiyo nzeru imene inawakweza. Makampani omanga a masiku ano atsatira njira yomweyi.

Kuyambira ca m'ma 1825 anayamba kumanga pa malo a banja la Grosvenor, amene anali dambo lolowa madzi. Anakwirira dambolo ndi dothi lokumbidwa pa doko la St Katharine, nakonza misewu ndi ngalande, kenaka namanga nyumba zolimba. Malowo ndiwo Belgravia, kumene kukhala anthu olemera a mu London. Anamanganso Pimlico ndi mbali ina ya Bloomsbury.

Mbiri yao inafika kunyumba yacifumu. Pakati pa 1845 ndi 1851, mogwirizana ndi Kalonga Albert, mwamuna wa Mfumukazi Victoria, anamanga Osborne House pa cisumbu ca Wight. M'nyumba imeneyi ndimo Mfumukaziyo inamwalirira mu 1901. Ndiwonso anamanga mbali ya kum'mawa ya Buckingham Palace, kumene kuli khonde limene banja lacifumu liimapo popereka moni kwa anthu.

Koma mtima wa munthu udziwika pa tsoka. Mu 1854 moto unanyeketsa malo ao a nchito a ku Thames Bank, ndipo katundu wa mtengo wapatali anasanduka phulusa. Pamodzi ndi katunduyo zinapsanso zipangizo za amisiri, zimene mmisiri aliyense anali kugula ndi thukuta lake. Kalipentala wopanda sowo ali ngati mlimi wopanda khasu: banja lake ligona ndi njala. A Cubitt, amene anadziwa zimenezi kuyambira ubwana, anapereka mapaundi 600 kuti anchito ao agule zipangizo zatsopano. Kale lomwe anali atawakonzera cipinda cowerengeramo mabuku ndi cophunziriramo. Ngakhale analemera, sanaiwale benchi lopalirapo matabwa kumene anacokera.

Abale ao awiri nawonso anachuka. A William, amene anagwira nao nchito mpaka 1827, anasankhidwa kukhala Lord Mayor wa London mu 1860, nasankhidwanso caka cotsatira. A Lewis ndiwo analemba mapulani a siteshoni ya sitima ya King's Cross, imene inatsegulidwa mu 1852.

A Thomas anakwatira mai Mary Anne Warner, ndipo anabereka ana 12. Anamwalira pa 20 December 1855 kunyumba kwao ku Denbies, pafupi ndi Dorking, ali ndi zaka 67. Mwana wao George analowa m'Nyumba ya Malamulo mu 1860, ndipo mu 1892 anapatsidwa ulemu wa Baron Ashcombe. George anabereka Henry, Henry anabereka Roland, Roland anabereka Rosalind, ndipo Rosalind ndiye mai wake wa Camilla, amene anavekedwa cisoti ca ufumukazi pamodzi ndi Mfumu Charles III mu 2023. Motero mbadwa ya kalipentala wa ku Buxton inaimirira pa khonde la nyumba imene kholo lake linamanga monga wanchito.

Sitinena kuti aliyense wogwira nyundo adzafika kunyumba yacifumu. Cimene tiphunzira ndi cakuti banja lingakwezedwe ndi munthu mmodzi wodziwa nchito yake, wosunga ndalama ndi wosamala anchito ake. Inu amalume ndi makolo, mwana akaonetsa luso la manja musamnyoze. Mugulireni sowo, mumpereke kwa mmisiri wokhulupirika, pakuti m'mera mpoyamba.